Mbale za white label ndi ma edit a nyimbo zovinira: mafunso ndi mayankho

Munthu akayamba kutolera mbale za galamafoni za disco ndi house sachedwa kukumana ndi mbale yozunguza mutu: yopanda dzina la woimba, yopanda mutu wa nyimbo, ili m'chikwama cha pepala wamba, koma mtengo wake woposa wa chimbale chatsopano cha woimba wotchuka. Mafunso ali m'munsimu ndi amene amabwerabwera pa za mbale zoterezi.

Kodi white label ndi mbale yotani?

Ndi mbale imene kapepala kake kozungulira ka pakati n'koyera, kosasindikizidwa kanthu. Pa mbale wamba kapepalaka kamanena woimba, nyimbo, wopeka, kampani ndi chaka. Apa zonsezi palibe. Ena amalembapo ndi cholembera, ena amadindapo chidindo, ena amangosiya choncho. Kapepalako sikamatidwa ndi guluu pambuyo pake ayi: kamalowa m'makina limodzi ndi phala lotentha la pulasitiki ya PVC, n'kukanirira pomwepo mbale ikamadindidwa. Ndiye wosafuna kulembapo kanthu amangoikapo koyera.

Zoyera zonse si zofanana, ndipo apa m'pamene oyamba kumene amatayira ndalama. Pali zoyesera, zimene fakitale imadinda zochepa, mwina 5 kapena 10, kuti mwini nyimbo amve ngati zili bwino asanalamule zambiri. Pali zimene makampani ankatumizira ma DJ nyimbo isanalowe pamsika, kuti aone ngati anthu aivine. Pali za anyamata odzipangira nyimbo zawo kuchipinda, opanda ndalama zosindikizira mapepala amitundumitundu. Nyimbo zambiri za jungle, UK garage ndi grime ku London zinayenda motero, mwini wake akuzungulira nazo m'masitolo zili m'buti ya galimoto. Ndiye pali zimene tikukamba pano: nyimbo yakale ya munthu wina, yodulidwa n'kulumikizidwanso, yodindidwa nthawi zambiri popanda kupempha eni ake.

Nanga edit n'chiyani, ndipo imasiyana bwanji ndi remix?

Wopanga remix amapatsidwa zigawo za nyimbo kuchokera ku situdiyo: ng'oma pazokha, besi payokha, mawu a woimba paokha. Atha kuchotsa gitala n'kuikapo ng'oma zina. Wopanga edit alibe mwayi umenewo. Ali ndi nyimbo yomalizidwa kale, monga inatulukira, ndipo chimene angachite ndi kudula, kubwereza ndi kusuntha zigawo. Nyimbo ya disco ya m'ma 1970 mwina ili ndi masekondi 20 pamene zoimbira zonse zimakhala chete n'kutsala ng'oma ndi besi basi. Ovina amapenga pamenepo, koma posakhalitsa zatha, kwabwera vesi ya mavayolini yofooketsa miyendo. Wa edit amachotsa vesiyo, masekondi 20 aja n'kuwatalikitsa kukhala mphindi 3.

Kale ntchitoyi inali ya manja. Munthu ankajambula nyimbo pa tepi ya mawilo awiri, yoyenda masentimita 38 pa sekondi. Pofuna podula, ankaimitsa makina n'kumapukusa mawilowo ndi zala, uku ndi uku, pang'onopang'ono, mpaka amve kubangula kolemera kosonyeza pamene ng'oma yaikulu yayambira. Pamenepo ankaika chizindikiro ndi pensulo yoyera yamafuta, n'kugoneka tepi m'kangalande ka chitsulo, n'kuidula mopendekera ndi lezala, n'kulumikiza ndi kaselotepi kake kapadera. Pa nyimbo yogunda ka 120 pa mphindi, kugunda kumodzi ndi tepi yotalika masentimita 19. Ukaphonya ndi kachidutswa kochepa chabe, mwendo wa wovina umamva. Gawo lililonse lobwerezedwa linkafunika kulikopera kaye pa makina achiwiri, kulidula, kulilumikiza, limodzilimodzi, tizidutswa ta tepi tili lendelende m'mphepete mwa tebulo kudikira nthawi yake. Lero zonsezi zimatheka pa kompyuta madzulo amodzi. N'chifukwa chake ma edit achuluka kwambiri, pamene abwino akadali ochepa.

Zinayambira kuti?

Ku New York, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Nyimbo nthawi imeneyo zinkatuluka pa timbale ta mainchesi 7, za mphindi 3 kapena kupitirira pang'ono, zopangidwira wailesi. Kwa wovina mphindi 3 n'zochepa: thukuta likungoyamba, nyimbo yatha. Tom Moulton anayamba kulumikiza nyimbo pa tepi kuti ziziyenda mosadukiza ku malo ovinira a ku Fire Island, kenako makampani anayamba kumupatsa nyimbo zawo kuti azitalikitse. Iyeyu ndi katswiri wodula mbale José Rodriguez ndi amene anaona kuti nyimbo imodzi ikayalidwa pa mbale yaikulu, timizere timatalikirana, mawu amakwera, besi imamveka yonenepa. Mu 1976 kampani ya Salsoul inagulitsa kwa anthu wamba mbale ya mainchesi 12 ya gulu la Double Exposure, yotalikitsidwa ndi DJ Walter Gibbons, ndipo ambiri amaiwerenga ngati yoyamba ya mtundu wake pamsika.

Ma DJ opanda kampani kumbuyo kwawo ankapita ndi matepi awo ku Sunshine Sound, ku New York komweko, kukadulitsa mbale imodzi kapena zingapo. Ku Chicago, Frankie Knuckles ku Warehouse ndi Ron Hardy ku Music Box ankavinitsa anthu ma edit a pa tepi pa nthawi imene makampani akuluakulu anali atafulatira disco, ndipo nyimbo za house zinaphukira m'menemo. Hardy anamwalira mu 1992. Mbale zambiri zotchedwa dzina lake zinadindidwa iye atapita kale.

Kubisa dzina kokha n'kwakale kuposa disco. Ku Jamaica m'ma 1950, Coxsone Dodd ndi Duke Reid ankapala mapepala a mbale zimene ankagula ku America kuti opikisana nawo asadziwe nyimbo imene ikukokera anthu ku dansi yawo. Ma DJ a northern soul kumpoto kwa England, m'malo ngati Wigan Casino, ankamata pepala pamwamba n'kulembapo dzina labodza.

Nanga masiku ano amabisiranji mayina?

Chachikulu ndi lamulo. Nyimbo iliyonse ili ndi eni ake mbali ziwiri: amene anaipeka, ndi amene ali ndi umwini wa chojambulidwacho, kawirikawiri kampani. Wofuna kudinda edit mwachilungamo ayenera kugwirizana ndi onsewa, ndipo kampani yaikulu siifulumira kuyankha kalata ya munthu wofuna kudinda mbale 300. Ena amayesadi n'kugwa mphwayi. Ambiri sayesa n'komwe.

Chachiwiri ndi malonda. Mbale yopanda dzina imapatsa wogula maganizo akuti wapeza chinthu chachinsinsi chimene anzake alibe. Opanga amadziwa zimenezi, moti mbale zambiri za masiku ano n'zoyera chifukwa cha fasho chabe. Ine sindiona vuto munthu kukonda maonekedwe amenewo. Chimene chimandiwawa n'chakuti pa chikuto choyeracho mayina amene asowapo si a DJ ayi, popeza anzake amamudziwa kale. Asowapo ndi a woimba ng'oma, wa besi ndi amayi oimba kumbuyo amene thukuta lawo ndilo likuvinitsa anthu.

Ndi mayina ati amene woyamba kumene ayenera kudziwa?

Danny Krivit wa ku New York, wodziwikanso kuti Mr. K, wakhala akudula nyimbo kuyambira m'ma 1980, ndipo kumvera ntchito yake ndi sukulu yabwino: amadula pang'ono, nyimbo imakhalabe ya mwini wake, koma imapuma bwino. Ku England m'ma 1990 DJ Harvey ndi Gerry Rooney anatulutsa mbale za Black Cock, zimene mpaka lero zimasakidwa kwambiri, ndipo kampani ya mbale ya Moton inatsatira m'njira yomweyo ku London. Ku Detroit, Theo Parrish anatulutsa Ugly Edits kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, zambiri zopopera utoto pa kapepala. Iye sasalaza malumikizidwe, amabwereza kachigawo kamodzi mpaka kakulowe m'mafupa. Greg Wilson, amene anaphunzira luso la lezala m'ma 1980, anasonkhanitsa ntchito zake pa chimbale chololedwa mu 2005. Todd Terje wa ku Norway anatchuka ndi ma edit asanatchuke ndi nyimbo zakezake.

Musayambe ndi kusaka mbale za anthu amenewa kuti mugule. Yambani ndi kuzimvera, kenako mumvere nyimbo zimene anadulazo monga zinalili poyamba. Khutu likazolowera kumva chimene chachotsedwa ndi chimene chatalikitsidwa, mudzatha kusiyanitsa edit yeniyeni ndi ya waulesi amene wangotenga nyimbo yabwino kale n'kuponderapo ng'oma ya kompyuta pansi pake.

Ngati palibe cholembedwa, ndingadziwe bwanji kuti mbale iyi ndi iti?

Yang'anani pamalo osalala a pakati pa pothera nyimbo ndi kapepala. Gwirani mbale m'mphepete ndi zikhatho, muipendeketse pafupi ndi zenera kapena tochi ya foni, kuwala kubwere cham'mbali, n'kumaizunguza pang'onopang'ono. Muona timalemba tating'ono tozokotedwa m'pulasitikimo. Tina n'tolemba pamanja ndi kachitsulo kosongoka, tokhotakhota. Tina n'todinda ndi makina, toongoka. Pamakhala nambala ya mbaleyo, chilembo A kapena B chosonyeza mbali, ndipo kawirikawiri siginecha ya katswiri amene anaidula kapena chizindikiro cha fakitale.

Timalemba timeneti ndiye chiphaso cha mbale. NSC ndi Ron Murphy wa ku Detroit, amene anadula mbale zambiri za techno ndi house za mumzindawo mpaka imfa yake mu 2008. Nilz ndi Nilesh Patel, amene ankadula mbale ku situdiyo ya The Exchange ku London. D&M ndi Dubplates & Mastering, situdiyo yodula mbale ya ku Berlin. MPO ndi fakitale ya ku France. Koperani zonse monga zalembedwera, n'kuzifufuza pa Discogs, nkhokwe ya pa intaneti imene Kevin Lewandowski anayambitsa mu 2000, poyambirira ya nyimbo zamagetsi zokhazokha. Nthawi zambiri wina anailembetsa kale.

Kupeza nyimbo imene inadulidwayo ndi ntchito ina, ndipo kwa ine ndiyo yokoma koposa. Shazam, pulogalamu ya pa foni yozindikira nyimbo, imathandiza ngati edit sinasinthe liwiro kwambiri. Ikalephera, gwirani mawu ochepa amene woimba akutchula n'kuwafufuza, kapena muimbireni munthu wamkulu amene anavina nyimbozi zikutuluka kumene. Akuluakulu otere amazindikira nyimbo ndi kulira kwa lipenga limodzi.

N'chiyani chimachititsa mbale kukhala yosowa?

Zambiri zimadindidwa zochepa, 300 kapena 500, chifukwa pochepera apo mtengo wa mbale imodzi ku fakitale umakwera kwambiri, ndipo popitirira apo mwini nyimbo atha kumva. Zikagawidwa m'masitolo a ku London, Berlin, Tokyo ndi New York, sitolo iliyonse imalandira zowerengeka. Zina zimasowa chifukwa kalata ya maloya inafika zisanathe kugulitsidwa. Zina chifukwa DJ wotchuka waimba imodzi pa chikondwerero, vidiyo yafalikira, ndipo m'mawa mwake aliyense akuifuna.

Koma kusowa kwina n'kochita kupanga. Zitsulo zodindira zikasungidwa ku fakitale, mwini wake atha kulamula zina tsiku lililonse, zofanana ndendende ndi zoyamba. Mawu akuti sizidzadindidwanso ndi lonjezo la munthu amene sanalembe n'dzina lake lomwe pa mbale. Kuona maso a nkhono n'kudekha: mbale imene yakwera mtengo mwezi uno chifukwa cha phokoso la pa intaneti, kawirikawiri imatsika phokosolo likazizira kapena ikadindidwanso.

Kodi pali zachinyengo? Ndingazizindikire bwanji?

Zilipo, ndipo mbale za Black Cock ndi Ugly Edits zili m'gulu la zokoperedwa kwambiri. Wokopera savutika, popeza palibe chikuto choti atsanzire. Poyamba yerekezerani timalemba ta pamalo osalala paja ndi ta mbale yoyambirira: ngati yoyambirira ili ndi siginecha ya wodula koma yanu ilibe, kapena yoyambirira n'njolemba pamanja koma yanu n'njodinda, dziwani kuti ndi ina. Kenako mverani. Wokopera alibe tepi yoyambirira, amajambula kuchokera pa mbale ina, ndiye mumamva kuthetheka pamalo omweomwewo ngakhale mbale ili yatsopano yonyezimira, mawu ali otsika, zitsulo za ng'oma zikumveka ngati zakutidwa ndi nsalu. Wogulitsa wokana kukutumizirani chithunzi cha timalembato, musiyeni.

Dubplate ndi chimodzimodzi ndi white label?

Ayi. White label imadindidwa m'fakitale, zambiri nthawi imodzi. Dubplate imadulidwa imodziimodzi: ndi chimbale cha aluminiyamu chokutidwa ndi utoto wofewa, chimene singano yodulira imazokota mwachindunji. N'cholemererapo, n'cholimba chosapindika, chili ndi kafungo kakekake, ndipo zambiri zili ndi kabowo kachiwiri pafupi ndi ka pakati. Chimatha msanga, kuimba kulikonse kumadya pang'ono. Ma DJ a jungle ndi drum and bass ankakhala pamzere ku Music House ku London kudikira kudulitsa nyimbo zoti aimbe usiku womwewo. Zimbale zopanda kanthu zodulirapo nyimbo zinasowa kwambiri moto utawononga fakitale ya Apollo Masters ku California mu February 2020, n'kutsala MDC ya ku Japan. Mukapeza dubplate yakale, ijambuleni pa kompyuta ulendo woyamba womwewo, kenako muisunge. Musaipukute ndi spiriti kapena mankhwala alionse okhala ndi alikoholo, amasungunula utotowo.

Kodi n'zololedwa ndi lamulo?

Kudinda ndi kugulitsa nyimbo ya wina popanda chilolezo ndi kuphwanya lamulo la umwini pafupifupi m'dziko lililonse. Ku Malawi kuli lamulo la Copyright Act la 2016, ndipo bungwe la COSOMA ndilo limayang'anira za umwini wa oimba ndi opeka. Kudula nyimbo n'kuitalikitsa sikuisandutsa yanu. N'chifukwa chake Discogs inatseka malonda a mbale zambiri zosaloledwa: tsamba la mbaleyo mulipeza, mbiri yake muiwerenga, koma pogulira palibe. Amene amalondoledwa kwambiri ndi odinda ndi ogulitsa, osati munthu amene ali ndi imodzi pashelefu. Komabe amene akuganiza zoti adzagulitsenso mbalezi adziwiretu kuti misika yaikulu itha kumukanira.

Ndaona ma edit ambiri a nyimbo za ku Africa. Oimba ake amapindula?

Pa white label yosaloledwa, sapindula kanthu, ndipo apa m'pamene nkhaniyi imatikhudza ife pafupi. Malo ovinira a ku America ndi ku Ulaya akhala akudya za ku Africa kuyambira pachiyambi. Nyimbo ya Manu Dibango wa ku Cameroon, Soul Makossa ya mu 1972, itapezedwa ndi DJ David Mancuso n'kuimbidwa ku malo ake ovinira a The Loft ku New York, inasowa m'masitolo, ndipo magulu ambiri anathamangira kujambula zawo zotsanzira kampani ya Atlantic isanagule chilolezo cha yeniyeniyo. Zaka zaposachedwapa ma DJ atembenukira ku boogie ya ku Nigeria, bubblegum ndi kwaito yoyambirira ya ku South Africa, ngakhalenso zimbale za disco zimene gulu la WITCH la ku Zambia linajambula kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 litasiya rock.

Ndiye taganizirani: mayi wina ku Soweto kapena bambo wina ku Kitwe anajambula nyimbo ali wachinyamata, kampani inatha, tepi inatayika. Patapita zaka 40 mnyamata wa ku Ulaya wagula mbale yakaleyo, wadula vesi imene sakuimva chinenero chake, wabwereza kolasi, wadinda 300, wapatsa dzina lachilendo lomveka ngati la ku Africa. Anthu akuvina ku Amsterdam, woimbayo sakudziwa n'komwe. Nthawi zina vesi yodulidwayo ndi imene inanyamula uthenga wonse, wa maliro, wa ukaidi, wa tsankho.

Njira ina ilipo ndipo ikuyenda. Makampani a mbale ngati Afrosynth ya DJ Okapi ku Johannesburg, Now-Again imene inatulutsanso nyimbo za WITCH, Awesome Tapes From Africa imene inabwezeretsa Penny Penny pamsika wa kunja, Analog Africa, Soundway ndi Strut amasaka oimba kapena mabanja awo, n'kugwirizana nawo, n'kulemba mayina. Ena mwa oimbawa abwereranso pa nsanja chifukwa cha zimenezi. Langizo langa n'lakuti mukakonda edit ya nyimbo ya kuno kwathu, fufuzani mwini wake, ndipo ngati ilipo yololedwa, igulenso. Ife amene timamva Chinyanja, Chibemba, Chishona kapena Chizulu tili ndi mwayi umene otolera a kunja alibe: titha kumva mawu, kuzindikira woimba, n'kukonza zolembedwa pa Discogs kuti dzina lake lioneke.

Ndingazigule kuti?

Zatsopano zimafika m'masitolo ngati Phonica ndi Juno ku London, Piccadilly Records ku Manchester, Rush Hour ku Amsterdam, Hard Wax ku Berlin ndi Gramaphone ku Chicago, ndipo ambiri mwa awa amaika kachigawo ka nyimbo pa intaneti kuti mumve kaye. Zakale zimapezeka m'masitolo a mbale zogwiritsidwa kale ntchito, monga A1 ku New York, Disk Union ku Tokyo, kapena Mabu Vinyl ku Cape Town, komanso kwa ma DJ amene akugulitsa katundu wawo. Kusaka kwake kuli ngati kwa pa kaunjika: wofika m'mawa, wosanyansidwa ndi fumbi, wofukula mpaka pansi pa bokosi, ndiye amatola chabwino. Mabokosi otchipa a pansi pa tebulo musawadumphe, chifukwa wogulitsa amene sanathe kuzindikira mbale yoyera amaiponya m'menemo.

Kwa amene ali ku Lilongwe, Chipata kapena Tete, chodula si mbale koma ulendo wake. Kutumiza imodzi kuchokera ku Ulaya kutha kuposa mtengo wa mbaleyo, ndipo katundu wolowa m'dziko amatha kulipitsidwa msonkho. Ndi bwino kusonkhanitsa zingapo kwa wogulitsa mmodzi, kapena kuzitumiza kwa m'bale wa ku Britain kapena ku Joni kuti adzabwere nazo m'chikwama cha m'manja. Wogulitsa muuzeni atulutse mbale m'chikuto chake poika m'katoni, kuti isang'ambe msoko pogwedezeka, ndipo aike makatoni olimbitsa mbali zonse ziwiri.

Zilembo za NM, VG+ ndi VG zimatanthauzanji?

Ndi muyeso wa magazini ya otolera mbale ya Goldmine, umene ogulitsa amagwiritsa posonyeza mmene mbale yathera. NM ndi yooneka ngati yatsopano. VG+ ili ndi tizikanda topepuka tosasokoneza kumvera. VG imathetheka momveka, makamaka poyambira ndi pamene nyimbo yatsika. Pansi pa apo gulani pokhapokha mukufuna kungoidziwa nyimboyo.

Mbale za ma DJ zili ndi matenda akeake amene maso saona. DJ amabweza mbale ndi dzanja pa kugunda koyamba kambirimbiri pokonzekera kuilowetsa, ndipo singano imapserezera pamenepo, moti nyimbo imayamba ndi mkokomo wa "fwaa". Funsani wogulitsa ngati anaimvera, osati kungoiyang'ana. Pa za mtengo, musakhulupirire umene munthu akuitanira. Onani umene ena analipiradi, pa mbiri ya malonda ya Discogs kapena pa Popsike, tsamba la pa intaneti losunga mitengo imene mbale zinagulitsidwa.

Ndiiimbe pa 33 kapena pa 45?

Palibe cholembedwa, ndiye khutu ndilo liweruze. Kusiyana kwake n'kwakukulu, 45 imathamanga kuposa 33 ndi magawo 35 pa 100 alionse, moti ngati pali mawu a munthu mudziwa msanga. Pa nyimbo ya ng'oma zokhazokha m'povuta, ndipo pali mbale zina mbali imodzi 33, inayo 45. Disco ndi house zambiri zimagunda pakati pa ka 110 ndi ka 130 pa mphindi. Werengani ndi wotchi. Mukaikonda pa liwiro lolakwika, palibe mlandu. Nyimbo za new beat ku Belgium chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 zinabadwa ma DJ ataimba mbale za 45 pa 33 n'kukwezako liwiro pang'ono.

Ndikufunika makina otani?

Technics SL-1200 MK2, imene inatuluka mu 1979, ndiyo inakhala muyezo wa m'makalabu, ndipo yakale yosamalidwa bwino imagwirabe ntchito. Koma galamafoni iliyonse yolola kusintha singano ndi kuyeza kulemera kwa mkono wake ikwanira. Pewani tija tooneka ngati sutikesi. Timakanikiza kwambiri n'kudya mbale. Singano yakutha imawononga kuposa fumbi. Pamafunikanso kachipangizo kokweza mawu a galamafoni, kamene m'ma mixer a DJ ndi m'maampu akale kamakhalamo kale polembedwa phono, ndipo kawaya kakang'ono ka ground mukamange, apo ayi mumva kung'ung'udza. Magetsi a kwathu kuno ndi a mavoti 230, ofanana ndi a ku Britain. Makina ochokera ku America ndi a 120, a ku Japan a 100, ndipo mukawalumikiza popanda thiransifoma apsa. Magetsi akazima, zulani pulagi asanabwerenso.

Ndingazisamale bwanji kumalo otentha ndi afumbi?

Ziimikeni chilili, osazisanjikiza, osazitsamiritsa mopendekera. Mdani wamkulu ndi kutentha: mbale yosiyidwa m'galimoto masana a mu Okutobala, kapena pafupi ndi zenera, kapena pamwamba pa kabati pansi pa malata, imapindika ndipo kuiwongola n'kovuta. Nyengo ya mvula chinyezi chimabweretsa nkhungu m'timizere, ndipo chiswe ndi mphemvu zimadya zikuto, choncho shelefu italikirane ndi khoma ndi simenti ya pansi. White label zambiri zimabwera m'kachikwama ka pepala lokhakhala lokanda mbale. Sinthani ndi kokhala ndi pulasitiki yofewa mkati. Potsuka gwiritsani madzi a distilled, aja othira m'batire ya galimoto amene alibe asidi, ndi kansalu kofewa, motsatira timizere, osanyowetsa kapepala. Madzi a pa mjigo amasiya mchere.

Kodi ndilembepo pa kapepala koyerako?

Otolera ena amati kulembapo kumatsitsa mtengo, ndipo n'zoona. Koma mbale zoyera zikafika 50 simungazisiyanitse. Lembani pa khadi n'kuliika m'chikuto: timalemba ta pamalo osalala paja, liwiro, kugunda pa mphindi, kumene munaigula, amene anaidula, ndiponso woimba weniweni, wopeka ndi chaka cha nyimbo yoyambirira. Zolemba za DJ wakale zimene mwazipeza kale pa mbale musafufute. Mawu ngati "ya 3 koloko" kapena nyenyezi zitatu zojambula mothamanga akukuuzani mbali imene inkagwira anthu.

Ndapanga edit yanga. Ndingaidinde pa mbale?

Yambani ndi kuiyesa pa anthu ovina, kangapo, m'malo osiyanasiyana. Imene sinadzutse anthu kuchokera pa flash siidzawadzutsa chifukwa yakhala pa pulasitiki. Kenako pezani eni ake. Ngati nyimboyo ndi ya woimba wa ku Malawi kapena ku Zambia, n'zotheka ndithu kumufikira iyeyo kapena banja lake, n'kulemberana pangano losonyeza kuchuluka kwa mbale ndi kagawidwe ka ndalama. Mwina adzakupatsaninso tepi yabwino kuposa imene muli nayo.

Mafakitale akuluakulu ali ku Ulaya: GZ Media ku Czech Republic, Optimal ku Germany, Record Industry ku Haarlem ku Netherlands, MPO ku France. Ambiri amafunsa umboni wa umwini asanadinde, ndipo kudikira kumatenga miyezi. Kuti mawu akhale okwera mokwanira kalabu, mbali imodzi isapitirire mphindi 9 pa 45 kapena 12 pa 33. Zoyesera zikafika, mverani zonse, mbali zonse, pa magalamafoni awiri osiyana. Kuthetheka kukamveka pamalo amodzimodzi pa zonsezo, vuto lili pa chitsulo chodindira, ndipo muwauze akonze musanavomereze kuti adinde zotsalazo.